Kulowa Nambala ya Malume Isaya

Mayi Rosaria anandiimbira foni ndili mu kombi, tikutuluka ku Gaza, dera la m'tauni ya Chipinge kumene ndimakhala. Ndinali nditapanikizika pakati pa thumba la mapeyala ndi bambo wina wonenepa amene ankawodzera paphewa panga ngati kuti tinakwatirana.

"Feli, makina ako akukana," anatero, moni womwe osapereka. "Ndikalemba, ndikasunga, akubweza zakale."

"Akukana chiyani, amayi?"

"Ubwere udzaone wekha, mwanangu. Za pafoni ayi."

Mayi Rosaria ndi mabalani, ndiye kuti kalaliki wa ofesi ya antchito pa esiteti ya tiyi imene ili pakati pa Chipinge ndi nkhalango ya Chirinda. Akhala pa mpando umenewo kuyambira ine ndikuyenda wopanda nsapato. Ine ndine Felicitas Chisale, amene ndimasamala pulogalamu yosunga mbiri ya antchito: dzina, nambala, gawo la munda, nyumba imene munthu akukhala. Ntchito yake ndi ya kontilakiti, ndipo anthu amandikumbukira pokhapokha chinthu chikawonongeka.

Pulogalamu ya pa intaneti simangidwa kuyambira pansi. Pamakhala chimango chimene ena anakonza kale, anzanga a ntchitoyi amati fulemuweki, iwe n'kumangirapo zako. Chimango chathu chinali chitakalamba, eni ake anasiya kuchisamala, ndiye miyezi yonse yozizira ndinaithera kusamutsira pulogalamuyo pa chimango chatsopano. Zinthu zambiri zinathyoka posamukapo. Zina mwa izo zinali mabokosi ongowerenga, aja otuwa a pa fomu amene munthu amaona koma salembamo, monga la dzina la mwini nambala. Mawu akale otsekera mabokosi amenewa anachotsedwa, ndipo chimango chatsopano chinandipatsa njira ziwiri. Yoyamba imangotuwitsa bokosi pa sikirini, koma seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse, imalandirabe chilichonse chimene chatumizidwa. Yachiwiri imauza seva kuti isamvere n'komwe zochokera m'bokosilo. Yoyamba ndi chitseko chotsekera ndi mwala, yachiwiri ndi loko. Pulogalamu yakale inali ndi ya mwalayo. Ine ndinaika loko, ndipo ndinadziyamikira kuti ntchito ndimaidziwa.

Nditafika ku ofesi, mayi Rosaria anatseka chitseko, nakokera mpando pafupi ndi wawo. Anatsegula fomu ya nambala 214. Dzina linali m'bokosi lotuwalo ndinaliwerenga: Isaya Makwinja, malume anga, mlongo wa malemu mayi anga.

"Yang'ana," anatero.

Anadina batani la F12 ndi chala chimodzi. M'mbali mwa sikirini munatseguka mizere ya tsambalo, imene ine ndinkaganiza kuti pa esiteti yonse ndimaiona ndekha. Anatsika nayo pang'onopang'ono, magalasi ali kunsonga ya mphuno, napeza liwu lotsekera bokosi, nalifufuta. Bokosi linayera. Anachotsa dzina la malume, nalemba Lovejoy Chisale, mlongo wanga wamng'ono. Anadina posunga. Tsamba linaphethira, n'kubwerera lili ndi Isaya Makwinja.

"Waona? Kuyambira Lolemba likungondiseka choncho."

Theka la mtima wanga linkafuna kuwaombera m'manja, theka lina linkafuna kukuwa.

"Anakuphunzitsani ndani zimenezi, amayi?"

"Mabalani amene ndinamulowa pampando pano. Iye anaonera kwa mnyamata amene anabweretsa makompyuta. Kale kunalibe vuto, linali lumo ndi labala pa khadi. Iwe ukuganiza kuti anthu amalowa nambala bwanji?"

Mawu akuti kulowa nambala ndinakula ndikuwamva. Uje walowa nambala ya malume ake, uje akudikira kulowa nambala. Koma ine ndinakulira m'tauni, bambo anga anali makanika wa makombi, ndipo ndinkangoti ndi chinthu chimene kampani imalola. Sindinafunsepo kuti chimachitika bwanji.

Mayi Rosaria anandifotokozera ngati akuphunzitsa mwana kupeta. Pa esiteti nyumba ya ku komboni imayenda ndi nambala. Munthu akapuma ntchito, lamulo la kampani limati atuluke, pokhapokha ngati mkazi wake kapena mwana wake womubala ali pa ntchito yokhazikika. Koma ife a m'makomboni, amene agogo athu anachokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, wolowa m'malo mwa munthu ndi mwana wa mlongo wake. Lamulo la kampani silimudziwa munthu ameneyo. Ndiye amabalani, poti ambiri anali athu omwe, ankangosintha dzina pa nambala. Za penshoni zimayenda padera ndi chitupa cha boma, sizinkakhudzidwa. Nkhalamba imapuma, mphwake n'kulowa, nyumba osagwedezeka.

"Koma amayi, bowo limenelo aliyense akanatha kulowerapo. Munthu akanalemba dzina la mzukwa n'kumalandira malipiro."

"Pa ofesi yanga? Ayese." Anavula magalasi. "Saka, ndiye utsegule bokosilo. Mwezi ukatha makina ako alemba kuti a Isaya apuma, atulutsa kalata yowachotsa m'nyumba. Safunsa anadya phula, Feli. Ukanandifunsa usanaike loko wakoyo."

Kalata imeneyo ndinkaidziwa bwino. Ndine ndinaikonza kuti izituluka yokha, kuti mayi Rosaria asamavutike ndi kutaipa.

Ndinapita kukachipinda kanga kuseri kwa fakitale, kumene fungo la tiyi wouma limalowa ngakhale m'tsitsi, n'kutsegula laputopu. Mzere wake unali umodzi. Kuchotsa liwu limodzi, kuika lina, loko n'kusanduka mwala. Ntchito yoti ithe kapu ya tiyi isanazizire. Koma chimango chatsopano chinabwera ndi chinthu china chimene a kulikulu anachikonda kwambiri: chilichonse chosinthidwa chimalembedwa, ndi dzina la wosinthayo, ndipo lipoti limapita kwa iwo lokha. Ndikanatsegula bokosi, mayi Rosaria akanasintha dzina, lipoti likanawanena. Kuti ndiwateteze ndikanayenera kuphanso lipotilo, ndiye kuti kunamiza anthu amene anandikhulupirira ndi makiyi onse a pulogalamuyo. Ndikasiya loko, malume atuluka. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo tsiku limenelo ndinamvetsa chifukwa chake.

Atuluka apita kuti? Funso limenelo ndi limene linandidetsa nkhawa. Malume anabadwira pa esiteti pomwepo. Mulanje amamudziwa ndi pakamwa chabe. Munda alibe, pakuti kwa eni nthaka ife tikadali alendo ngakhale michombo yathu inakwiriridwa kuno. Mwana wawo wamwamuna, Marcel, anawoloka Limpopo kalekale, foni yake inasiya kulira. Ana aakazi ali kwa amuna awo. Ine ku Gaza ndimabwereka chipinda chimodzi, chimene bedi ndi tebulo zimakanganirana malo.

Lamlungu nditatuluka m'tchalitchi ndinakwera kupita ku komboni. Kunali nkhungu ija imene anthu a kuno amati guti, koma malume okha amaitchabe chiperoni. Mizere ya tiyi inkaoneka pafupi pokha, kutali kuli mbuu. Ndinawapeza atakhala pakhonde akusoka lamba wa dengu lothyolera tiyi. Akazi awo, azakhali a Tabita, ankasenda chinangwa. Lovejoy analiponso, atakwiya kale ndisanakhale pansi. Iye amathyola tiyi pa ntchito ya nyengo, ndipo amagona ndi mkazi wake Primrose m'kachipinda ka antchito osakhazikika, kogawa ndi nsalu pakati. Primrose anali woyembekezera.

"Sisi Feli, Mai Rosaria andiudza zvese," anayamba, Chishona ndi Chinyanja zikuthamangitsana pakamwa monga mwa masiku onse. "Akuti ndi laini imodzi chete. Laini imodzi, sisi. Saka sekuru, malume athu enieni, agone panja chifukwa cha laini?"

"Si zophweka choncho, Lovejoy."

"Kwa anthu ophunzira palibe chophweka."

"Iwe, mlongo wako wangofika," anatero malume osakweza mawu. "Mupatse mpando wabwino. Wayenda bwanji, Nachisale?"

Ndi iwo okha amene amanditchula choncho. Ndinayankha moni, ndinalandira chinangwa, kenako ndinafotokoza zonse, za loko ndi za lipoti. Anamvetsera singano ili m'manja. Sindikudziwa ngati anamva za seva, koma za mayi Rosaria anamva.

"Rosaria asachotsedwe ntchito chifukwa cha ine," anatero. "Wathandiza makomo ambiri."

"Nanga inu, malume?"

Anakoka ulusi ndi mano, nati, "Nambala imeneyi ukuidziwa kumene inachokera? Anayamba nayo a Sitolo Namaona. Anayenda wapansi kuchokera ku Mulanje, kudutsa kwa Apwitikizi, akugona m'mitengo kuopa mikango. Atatopa analowa a Bizaliyele, mwana wa mlongo wawo. Amenewo ndiwo malume anga. Kenako ine."

"Mu kompyuta mayina amenewo mulibe."

"Angakhalemo bwanji, poti anafufuta kuti ine ndilowe?" Anaseka pang'ono. "Ali muno." Analoza pachifuwa ndi singano.

Pobwerera ndinadutsa kumanda, kuseri kwa mitengo ya bulugama, kumene kunagona mayi anga ndi agogo. Ndinali ndi chisoni, komanso ndinali wokwiya, osadziwa kuti ndikwiyire ndani. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti njira yokhayo yosungira nyumba ya malume inali kuwafufuta iwo eni. Munthu wathyola tiyi mpaka zala kupindika, ndiye tsiku lomaliza kalaliki adina batani, kampani n'kukhala ngati sinamuonepo.

M'mawa mwake ndinagogoda pa ofesi ya Mai Muyambo. Amelia Muyambo ndi mkulu woona za antchito, Mndau wa ku Chikore, mayi wosaseka wamba koma wosapondereza. Tinalankhula Chindau chosakaniza ndi Chizungu. Sindinatchule mayi Rosaria. Ndinangoti pali wantchito amene akupuma, mwana wa mlongo wake ali pa ntchito ya nyengo, kodi nambala ndi nyumba sizingapite kwa iye?

"Muzukuru?" anatero, kutanthauza mphwake. "Lamulo likuti mkazi kapena mwana. Kwathu mwana wa mlongo ndi wa mtundu wina, Felicitas. Ali ndi kwawo, kwa bambo ake."

"Kwathu ndiye mwini wake, Mai Muyambo. Mwana womubala ndi amene ali ndi kwawo kwina."

Anazunguza cholembera pakati pa zala.

"Ndi sekuru ako, eti?"

"Inde."

Anadzuka, nakankha chitseko kuti chitsekeke bwino. "Ndikuuze chinthu. Nditangofika pano ndinaona nambala ina imene inayamba ntchito nthawi ya Federesheni, ikuthyolabe tiyi kuposa anyamata. Ndinati, koma anthu a kuno ndi olimba. Sindinafunse. Chimene sindinachione sindichidziwa. Tsopano pulogalamu yako yatsopano imandionetsa zonse, ndipo imaonetsanso a kulikulu."

"Ndingalembe pempho kuti lamulo lisinthe."

"Lemba. Bodi ya kampani ikhala mvula ikadzatha. Sekuru ako adzakhala atatuluka kalekale." Anakhalanso pansi. "Chinthu chozembera sindingachiteteze. Akachigwira, kalaliki apita, ndipo watsala pang'ono kupuma mwaulemu. Koma chinthu chobwera poyera, chokhala ndi dzina ndi chifukwa chake, ndikhoza kuchinyamula kupita nacho kwa mabwana n'kukangana nawo. Chokhacho, adzafuna mwini dzinalo. Wamva?"

"Ndamva."

"Sindinakuuze kanthu, Felicitas."

Ndinabwerera kukachipinda kanga. Bokosi la dzina ndinalisiya ndi loko wake, pakuti pa zimenezo sindinalakwe, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo. Bokosi longowerenga liyenera kukhala longowerenga kwa maso ndi kwa seva komwe. Cholakwika chinali chakuti anthu anali ndi chosowa chenicheni, ndipo khomo lake linalibe, ndiye ankadzera pazenera. Ndinayamba kumanga khomolo. Linali tsamba laling'ono lopatsira nambala kwa munthu wina. Dzina la mwini wakale silifufutidwa, limatsikira pa mndandanda wa amene anagwirapo nambalayo. Pali bokosi la ubale, ndi bokosi la chifukwa limene silingasiyidwe lopanda kanthu. Tsambalo limatseguka kwa munthu wokhala ndi makiyi aakulu okha, ndipo wodinayo dzina lake limapita pa lipoti.

Magetsi anathima kawiri, jenereta ya fakitale n'kumandipulumutsa. Ndinayesa tsambalo pa pulogalamu yoyeserera, ndi mayina opeka, kufikira nditakhutira kuti kalata yochotsa munthu m'nyumba siituluka nambala ikapatsidwa kwa wina. Mayi Rosaria ankasuzumira pakhomo nthawi ndi nthawi.

"Watsegula?"

"Ayi, amayi. Bokosi lija silidzatsegukanso."

"Ndiye ukutaipa chiyani tsiku lonse ngati ukukazinga chimanga?"

Nditawaonetsa, anawerenga mwakachetechete, milomo ikuyenda. Atafika pa bokosi la chifukwa anaimirira.

"Ukufuna kuwauza? Zaka zonsezi tabisa, iwe ukufuna kulemba?"

"Dzina lanu silionekapo. Ndidina ndine."

"Asi wapenga? Adzakuchotsa. Ndipo akakana, watsekera makomo onse a ku komboni, osati la a Isaya okha. Pali a Naume kumtunda uko akudikira chaka chamawa, pali enanso."

Zimenezo zinali zoona. Ndinawauza kuti zenera lija latsekeka kale, kaya ine ndifune kaya ndisafune. Ngakhale ndichoke, wobwera pambuyo panga adzapeza bowolo n'kulitseka osafunsa munthu, monga ndinachitira ine. Anapukusa mutu, natuluka osatseka chitseko. Sindikuganiza kuti anandikhululukira tsiku limenelo.

Ndinali ndi mantha, ndisaname. Ntchito za mtundu wanga ku Chipinge n'zowerengeka ngati mano a nkhuku. Koma mwezi unali kutha. Ndinatsegula tsambalo pa pulogalamu yeniyeni, n'kulemba nambala 214. Wolandira, Lovejoy Chisale. Ubale, mwana wa mlongo wake. Pa chifukwa ndinalemba m'Chizungu chosavuta kuti pakati pa mabanja ochokera ku Malawi amene athyola tiyi pa esiteti ino kwa mibadwo itatu, wolowa m'malo mwa munthu ndi mwana wa mlongo wake, kuti wantchitoyu ndi malume anga, ndipo kuti ndachita izi ndekha ndisanalandire chilolezo. Ndinadina. Tsamba linaphethira, n'kubwerera lili ndi dzina la Lovejoy pamwamba. Pansi pake panali Isaya Makwinja, ndi zaka zake zonse za ntchito.

Sipanatenge nthawi. Bwana wina wa kulikulu anandiimbira, nalankhula Chizungu chambiri chokhala ndi minga. Anafunsa kuti ndani anandipatsa mphamvu yolemba malamulo a kampani. Ndinati palibe. Anati kontilakiti yanga aiunikanso, ndipo makiyi aakulu andilanda kufikira nkhani itatha. Kenako anafuna Mai Muyambo. Chitseko chawo chinakhala chotseka mpaka nthawi ya nkhomaliro itadutsa, mawu akumveka kukwera ndi kutsika. Atatuluka anandipeza pakhonde la ofesi.

"Zikhala momwe waziikiramo mpaka bodi idzakhale," anatero. "Ndawauza kuti akafuna kutulutsa nkhalambayo abwere adzaitulutse okha, anthu a ku komboni akuona nthawi yothyola ili pafupi. Za iwe sindikulonjeza kanthu."

"Maita basa, Mai Muyambo."

"Usandithokoze. Pita ukadye."

Mwezi unatha, kalata sinatuluke. Ndinaima pafupi ndi makina osindikizira m'mawa umenewo ngati mlonda, mayi Rosaria akundiyang'ana cham'mbali. Atatsimikiza kuti palibe chikutuluka, ananditsanulira tiyi m'kapu yawo yomwe.

Loweruka ndinagula buledi ndi shuga ku Chipinge, n'kukwera kombi ya ku Chirinda mtima uli m'malo. Dzuwa linali litatuluka, minda ya tiyi ikuwala mpaka kumapiri a ku Mozambiki. Njira yonse ndinkakonza mawu owauza malume: kuti agona m'nyumba mwawo, ndiponso kuti dzina lawo silinafufutidwe. Ndinkafuna kuona nkhope yawo akamva chachiwiricho.

Nditakhota pa mpopi wa komboni ndinaona katundu pabwalo. Matiresi anali atatsamira pa mtengo wa mapeyala, sutikesi ya azakhali ili pamwamba pa mtondo, bedi lachitsulo lili chagada pakhomo. Ndinaganiza kuti a kulikulu asintha maganizo, atumiza alonda. Ndinathamanga, buledi akundimenya m'ntchafu.

"Wakutulutsani ndani? Malume, wabwera ndani?"

Malume anatuluka m'nyumba atanyamula wailesi yawo ndi Baibulo. "Wafika, Nachisale? Palibe wabwera. Rosaria anatiuza dzulo kuti zatheka. Wagwira ntchito, mwana wa mlongo wanga."

"Nanga katunduyu?"

"Tikupereka malo kwa mwini nambala."

Analoza ndi chibwano kuseri kwa nyumba. Kumeneko kuli kakhitchini kamitengo ndi dothi, kofolera ndi malata otsala, kamene azakhali amaphikiramo mvula ikamagwa. Makoma ake ndi akuda ndi utsi. Azakhali anali m'katimo akusesa phulusa, atamanga nsalu kumphuno. Lovejoy anaima pakhomo la nyumba manja ali m'thumba, maso pansi, ukali wonse uja utamuthera.

"Ndawarambidza, sisi," anatero motsitsa. "Kuyambira m'mawa ndikuwakaniza. Ndati ine na Primrose tigona pabalaza, hatina basa nechipinda, chipinda tilibe nacho ntchito. Sakumva."

"Malume, kampani sikudziwa kuti ndani akugona chipinda chiti. Palibe adzabwere kudzaona. Khalani m'nyumba mwanu."

"Si za kampani izi," anatero malume. Anaika wailesi pa sutikesi mosamala. "Wolowa nambala amalowa ndi nyumba. Iye ndiye adzuke m'bandakucha, iye ndiye anyowe ndi mame, ndiye agone pabalaza ngati mlendo? Mkazi wake achirire pa mphasa, nkhalamba ziwiri zili pabedi m'chipinda? Anthu angatiseke. A Bizaliyele anandisiyira chipinda chimenechi tsiku lomwe ndinalowa, n'kusamukira kukhitchini. Anakhalako mpaka Mulungu anawatenga."

"Koma ine ndinachita zonsezi kuti inu musatuluke m'nyumba." Misozi inatsika ndisanailetse. "Ntchito yanga ili pa ulusi chifukwa cha chipinda chimenecho."

"Ndikudziwa. Inenso ndinalira tsiku limenelo, ndinawagwira miyendo malume anga. Anandiuza kuti ndisiye zachibwana." Anandiyang'ana mokoma mtima, koma osagwedezeka. "Pakhomo sitinachoke, Nachisale. Ndidzamva mwana akulira usiku, ndidzaona utsi wa fakitale m'mawa. Ukanapanda iwe bwenzi lero tili pamsewu ndi katundu yemweyu. Tsopano ika buledi pansi. Mlongo wako manja amuuma, ndipo ine bedi ili sindingalinyamule ndekha."

Ndinaika buledi ndi shuga pa mtondo. Za dzina lawo losafufutidwa sindinanene, zinandichepera pakamwa. Ndinagwira kumiyendo kwa bedi, iwo anagwira kumutu, tinazungulira nalo nyumba, iwo akuyenda chammbuyo ndi kundiuza popondapo. Khomo la khitchini linali lalifupi ndi lopapatiza, moti tinachita kulipendeketsa bedilo kuti lilowe.